Impreza WRX: presha ya m'sampu ndi pomwe ntchito yafika

Injini ndi EJ205 ya malita 2, turbo ndi TD04L ya kufakitale, ndipo boost, presha ya mpweya womwe turbo imapopera mu injini, ili cha pa 0.9 bar. Zizindikiro zinali zitatu: dipisitiki kudzuka yokha galimoto ikapondedwa kwambiri, oyilo kunyowetsa magasiketi a zivundikiro za mavalavu, ndi oyilo wodikha m'kati mwa intercooler, chipangizo choziziritsa mpweya wochokera mu turbo. Gwero la zonsezi ndi limodzi. Mpweya ukuchuluka kunsi kwa mapisitoni ndipo ukusowa potulukira.

Mpweyawu ndi womwe amakaniko amati blow-by. Petulo akaphulika m'silinda, gawo lina la utsi limazembera m'mbali mwa maring'i n'kutsikira ku sampu, litatenga nthunzi ya madzi ndi petulo wosapsa. Injini iliyonse imachita zimenezi, ngakhale yatsopano, koma ya turbo imaposa chifukwa m'silinda mumapanikizika kwambiri. Subaru anaika njira ziwiri zotulutsira. Yoyamba ndi valavu ya PCV yolowera mu intake manifold (mapayipi ogawa mpweya ku masilinda), yomwe imagwira ntchito pamene manifold ikuyamwa, monga galimoto itaima kapena ikuyenda pang'onopang'ono. Yachiwiri ndi mapayipi ochokera pa buloko ndi pa zivundikiro zonse ziwiri, okathera pa payipi yolowetsa mpweya mu turbo. Boost ikangobwera, PCV imatseka. Ndiye kuti pa nthawi yomwe blow-by wachulukitsitsa, njira yatsala imodzi yokha. Ntchito yonse ili pa njira imeneyi.

Ndayamba n'kuyeza, osati kugula catch can. Kachitini kameneka kamasefa oyilo, sikatsitsa presha, ndipo kokhala ndi timabowo tating'ono kamaikweza ndithu.

Choyamba chinali leak-down, kupopera mpweya m'silinda n'kuona kuchuluka kwa wotayika, injini ili yofunda, pisitoni ili pamwamba mavalavu onse atatseka, mpweya wolowetsa uli 100 psi. Wotayika ukakhala pansi pa 10 peresenti, maring'i ali bwino. Ukadutsa 20, palibe payipi yomwe ingathandize, injini ikufunika kutsegula. Khutu limanena kumene mpweya ukuthawira: ukamveka pothirira oyilo ndi maring'i, ku ekizozi ndi mavalavu a ekizozi, thovu mu rediyeta ndi head gasket. Apa masilinda onse anayi ali pansi pa 10 ndipo sakusiyana kwenikweni. Leak-down ndimaikhulupirira kuposa compression test pa chifukwa china: kumalo okwera ngati Lilongwe, komwe ndi mamita opitirira 1,000, geji ya compression imawerenga motsika poyerekeza ndi mabuku, ndipo munthu angathe kuweruza injini yabwinobwino kuti yatha.

Kenako PCV. Pa EJ205 ili pansi pa intercooler, choncho intercooler iyambe yachoka. Kuigwedeza n'kumva kuti ikulira sikokwanira. Ipopereni mpweya wa 1 bar kuchokera mbali ya manifold, mbali inayo mutaimiza m'madzi. Iyi inatulutsa thovu losalekeza, kutanthauza kuti turbo imapopera boost m'sampu mwachindunji. Yalowa yatsopano, ndipo pakati pa iyo ndi manifold ndawonjezera check valve (valavu yolola mpweya kupita mbali imodzi yokha) yokhala ndi rabara ya Viton, muvi utaloza ku manifold. Zapulasitiki zotchipa zimafewa ndi oyilo wotentha.

Poyezera presha yeniyeni ndaboola chotsekera oyilo chakale n'kumangapo kampopi ka mamilimita 6. Galimoto itaima, payipi yoonekera m'kati yopindidwa ngati U, yothiridwa madzi theka, imakwana: madzi akasiyana sentimita imodzi, ndiye pafupifupi 1 mbar (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a bar). Injini yabwino imakokera madzi pang'ono mbali yake kapena kuwasiya ali phee. Pamsewu madziwo angamwazike kapena kuyamwidwa, choncho pamafunika geji yowerenga 0 mpaka 100 mbar, payipi yaitali yofika m'kati, ndi munthu wina woiwerenga, woyendetsa maso ali pamsewu. Giya yachitatu, kuyambira 3,000 mpaka 6,000 rpm. Geji ya boost siingathandize, singano yake siisuntha n'komwe pa presha yochepa chonchi. PCV itasinthidwa dipisitiki inasiya kudzuka, koma singano ya geji ya mbar ija imakwerabe injini ikadutsa 5,000 rpm. Apa m'pomwe zinadziwika kuti njira yachiwiri ija ndi yopanikiza.

Mapayipi akale anali ataumiratu, ena atang'aluka pakamwa, ndipo m'kati munali phala la oyilo lochepetsa bowo. Kukula kwa bowo si nkhani yamasewera. Payipi ya mamilimita 10 m'kati ili ndi malo okwana 79 mm², pomwe ya mamilimita 16, yomwe pa zolumikizira amati -10AN, ili ndi 201 mm². Kusiyana kwake ndi kawiri ndi theka. Koma njira yonse imayendera pomwe pachepetsetsa, ndiye payipi yaikulu yomangidwa pa cholumikizira cha bowo la mamilimita 8 ndi ndalama zotaya. Musanamange, yezani bowo la cholumikizira chilichonse ndi vernier. Payipi ikhale yopirira oyilo. Ya hita imatupa n'kuyamba kutuluka thukuta, ndipo ya silikoni wamba imachitanso chimodzimodzi. Mbali ya PCV ikufuna yolimba yosaphwatalala manifold ikayamwa.

Pano pali ma catch can awiri, osalumikizana. Wamng'ono ali pakati pa buloko ndi PCV. Wamkulu, wa zolumikizira za mamilimita 16, akulandira mapayipi a pa zivundikiro n'kubwezera mpweya pa payipi ya turbo, pakati pa kompuresa ya turbo ndi MAF, sensa yowerenga mpweya wolowa mu injini. Malowa ndi ofunika pa zifukwa ziwiri. Turbo ikamakoka, pamenepo pamakhala kuyamwa pang'ono komwe kumathandiza kutulutsa blow-by. Komanso mukangoika kasefa kotulutsira panja PCV ikugwirabe ntchito, injini imayamwa mpweya womwe MAF sinawerenge, petulo n'kuchepa, injini n'kumanjenjemera galimoto itaima. Kubwezera kutsogolo kwa MAF nakonso n'kolakwika, nthunzi ya oyilo imadetsa sensayo.

M'kati mwa kachitini muzikhala zotchinga zoti nthunzi iziwombapo. Ngati n'kopanda kanthu, ikanimo waya wotsukira mapoto wokhakhala wa stainless, osatsendera. Sitiliwulu wosalala uja ayi, amachita dzimbiri ndipo tizidutswa take tikathera mu turbo. Mapayipi azitsetserekera ku kachitini kapena kubwerera ku injini popanda malo okhota pansi, chifukwa oyilo akadikha pamenepo njira yatsekeka.

Zomwe zikugwa m'kachitini sindikuzibwezera ku sampu. Si oyilo yekha, muli madzi ndi petulo, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July komanso pa maulendo afupiafupi omwe oyilo satentha mokwanira. Zida zobwezera ku sampu zopangidwa bwino zimafunditsidwa ndi madzi a rediyeta kuti nthunziyo isasanduke madzi. Zitini zangazi zilibe zimenezo, choncho n'zokhuthula pamanja zisanafike theka. Kachitini kodzaza n'koipa kuposa kusakhala nako.

Turbo yokha sindinaikhudze, ngakhale inkaoneka ngati ikutaya oyilo. Oyilo wa mu turbo amabwerera ku sampu pongotsika yekha, palibe chomukankha. Presha ya m'sampu ikakwera amalephera kutsika, amadzaza m'kati mwa turbo n'kudutsa timaring'i ta pa shafti. Ma turbo ambiri abwinobwino amasinthidwa chifukwa cha zimenezi. Intercooler yatsukidwa n'kuumitsidwa, popeza nthunzi ya oyilo ikalowa m'silinda imapangitsa injini kugogoda msanga pa boost, ndipo EJ siikhululuka pa nkhani ya kugogoda. Oyilo naye ali pa mzere wa F ndendende, osapitirira, chifukwa wochuluka amamenyedwa ndi crankshaft n'kusanduka nthunzi.

Tsopano singano ikukhala pafupi ndi ziro mpaka 6,000 rpm. Chatsala ndi magasiketi a zivundikiro ndi ma seal a camshaft, omwe ndinawasiya dala mpaka presha itatsika, popeza atsopano akanayambanso kudontha. Seal ya kumbuyo kwa crankshaft ndiyang'ana pa kabowo ka pansi pa bellhousing, polumikizana injini ndi giyabokosi. Ngati yanyowa, giyabokosi itsika oyilo asanafike pa kilachi.