Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Ulendo wa pa Boti Kuchokera ku Sinazongwe Kupita ku Siavonga

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munandilembera pambuyo pa gawo lapitali, makamaka mayi a ku Matero amene munandiuza kuti nanunso atate anu anakalambira pa marigi, maboti aja ogwirira kapenta usiku. Mayi, mawu anu ndinawawerengera amai anga, ndipo akuti ndikupatseni moni. Ambiri mwafunsa kuti boti lija linafika bwanji ku Siavonga, poti ndinakusiyani nditangopereka ndalama zoligulira ku Sinazongwe, pa nyanja ya Kariba.

Koma ndiyambe ndayankha a malume, chifukwa ndikudziwa kuti ana awo amawawerengera zimene ndimalemba. Pa msonkhano wa banja ku Chawama munaimirira nkunena kuti mwana wa mlongo wanu wapenga, wamwaza ndalama za penshoni pogula chidole cha azungu pomwe anzake akumanga nyumba za lendi ku Chalala. Tsiku lija sindinakuyankheni chifukwa amai anandigwira dzanja. A malume, ana anga onse anamaliza sukulu, nyumba ya ku Chilenje ilibe ngongole, ndipo mlongo wanu sanagonepo ndi njala. Pamene achimwene anamira, inu munali ndi galimoto, koma kunyanja simunaponde. Ndalankhula, sindidzabwerezanso.

Botilo ndi laling'ono: mlongoti umodzi, matanga awiri, kainjini kumbuyo, ndi kachipinda koti anthu awiri nkugonamo mopanikizana. Mwini wake anali wokalamba, mawondo atamukana, ndipo ngolo yokokera botilo analibe. Anthu anandilangiza kuti ndilikweze pa lole, likwere phiri kukafika ku Batoka, lidutse Monze ndi Mazabuka, kenaka likhotere msewu wa ku Chirundu mpaka kutsikira ku Siavonga. Malangizowo anali anzeru, koma ndinakana. Njira ya pamadzi imadutsa ku Chipepo, ndipo amene munawerenga gawo la ubwana wanga mukudziwa chimene chili ku Chipepo.

Tinali atatu: ine, alamu anga, ndi mdala wina wa Chitonga, msodzi amene wogulitsa uja anandipezera. Popanda mdala ameneyu sitikanafika. Chaka chimenecho chinali 2024, madzi a Kariba atatsika kwambiri, nthawi ija ku Lusaka tinkaphika pa mbaula magetsi akubwera maola owerengeka. Kutauni kutsika kwa madzi kumatanthauza mdima, koma panyanja kumatanthauza mitengo. Damu lisanatsekedwe mu 1958 anagwetsa nkhalango m'malo ena okha, moti yotsalayo inamira chiimirire, ndipo mtengo wa tsanya suola msanga. Ina imaonekera pamwamba, yoyera mbee. Yoopsa ndi imene nsonga yake yabisala pansi pang'ono pa madzi, pakuti boti la matanga lili ndi chitsulo cholemera chotsikira pansi, ndipo chikagunda chitsa ulendo wathera pomwepo. Mdalayo ankakhala kutsogolo osalankhula, akungoloza ndi dzanja, ine ndikupinda chiwongolero kumene dzanjalo lalozera.

Mphepo inkachokera cha kum'mawa, pafupifupi kumene tinkapita, choncho tinkayenda mokhotakhota: kulowera pakati, kutembenuza matanga, kubwerera chakugombe. Tikalowera kwambiri mdala ankati, "Bwererani, bambo, uko ndi kwa eni ake," poti malire a Zambia ndi Zimbabwe amadutsa m'madzi momwemo ndipo palibe chikwangwani chokuuza. Mafunde a Kariba ndi afupiafupi, amamenya motsatizana osakupatsa mpata. Alamu anasanza mpaka kufooka, koma sanapemphe kuti tiwatsitse, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho. Dzuwa likapendeka tinkalowa m'kagombe kobisika, kumangirira boti ku mtengo wouma kutali ndi njira za mvuu, nkuphika nsima m'botimo. Zosamba m'nyanja ayi, ng'ona ndi zambiri.

Usiku ndi umene unkandivuta. Mdima ukangogwa, magetsi a marigi ankayaka nyanja yonse, ngati Lusaka ukamuonera patali usiku. Ena amati nzokongola. Ine ndikaona nyali iliyonse ndimaona amuna atatopa, atanyowa, akudikira kuti kapenta asonkhane pansi pa kuwala kuti akweze ukonde. Kansomba kameneka si ka m'Zambezi. Anakatenga ku nyanja ya Tanganyika mu 1967, kanaswana, ndipo patapita zaka kanakoka amuna ochokera kutali, pamodzi ndi atate amene anasiya munda ku Katete. Atate anagwira ntchito pamadzi amenewa mpaka msana unapindika, koma analibe ngakhale nkhafi yotchedwa yawo. Nyanja ankaidziwa usiku wokha, masana ankagona.

Achimwene anawatsatira ali mnyamata, kuti ine ndipitirize sukulu. Izi ndimazilemba movutika. Usiku wina wamphepo, akukweza ukonde kufupi ndi Chipepo, anaterereka nkugwera m'madzi. Jekete yoyandamitsa panalibe. Anzawo anamva kufuula kamodzi, anawalitsa nyali uku ndi uku, osaona kanthu. Atate anali pa rigi ina usiku womwewo, nyali yawo ikuoneka patali, ndipo anagwira ntchito mpaka m'bandakucha osadziwa kuti mwana wawo wapita. Anamva atafika pagombe, akutsitsa nsomba. Anafufuza ndi mabwato masiku angapo, kuzungulira mitengo ija umodziumodzi. Mwini rigi, amene dzina lake sindilitchula, anatumiza thumba la kapenta ndi tindalama ta basi. Tinalira maliro opanda bokosi. Amai anakhala pa mphasa atafungata malaya a achimwene, ndipo aliyense wolowa m'nyumba ankamufunsa funso limodzi: "Mwamupeza?" Ngakhale anthu atabalalika, akamva mapazi pabwalo ankadzuka. Kuchokera tsiku limenelo kapenta sanalowenso m'kamwa mwawo.

Kenaka sukulu, ntchito ya m'boma, ukwati, ana, imfa ya atate, penshoni.

Titafika moyang'anizana ndi Chipepo kunali m'mawa, dzuwa likuwala. Ndinatsitsa matanga, boti nkumangoyandama. Ndinkaganiza kuti ndidzakhala ndi mawu ambiri, koma pakhosi panatseka. Ndinangoti, "Achimwene, ndine. Ndabwera ndi boti lathu." Alamu anavula chipewa napemphera, ine ndikulira mokweza, osachita manyazi.

Mdala uja anadikira mpaka nditatonthola, ndipo anayamba kulankhula Chinyanja chake chosakaniza ndi Chitonga. Anati iye anabadwira m'mudzi umene uli pansi pa madzi omwewo. Pomanga damu, Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anasamutsidwa. Anthu a mfumu Chipepo ambiri anawatengera ku Lusitu, ndipo mu 1958, atakana kuchoka, apolisi a boma la atsamunda anawombera ku Chisamu napha amuna 8. Iye anali kamwana, chimene amakumbukira ndi lole ndi kulira kwa agogo ake aakazi, amene ankakana kusiya manda a amuna awo. Atakula anabwerera kudzawedza pamwamba pa mudzi wa makolo ake. Ndiye anandigwira paphewa nati, "Mwana wanga, mkulu wako sali yekha pansipa. Kuli midzi, kuli agogo athu. Anamulandira."

Zaka zonsezi chimene chinkandidya mumtima chinali chakuti achimwene ali okhaokha mumdima, kudziko lachilendo, popanda wowadziwa. Abusa anayesa kunditonthoza, akazi anga anayesa, koma mawu amene ndinkasowa anali m'kamwa mwa msodzi amene sanawaonepo nkomwe. Inu amene munalemba kuti ndalamazo ndikanamangira achimwene chiliza kumudzi, ndakumvani ndipo sindikukwiyirani. Koma chiliza chikanakhala pa dothi lopanda munthu. Ine ndinkafuna kuti mmodzi wa ana a atate ayende pa nyanja imeneyi masana, pa boti lake, osatumidwa ndi wina, nkukaima pamene mbale wake anagona.

Zotsalazo zinayenda msanga. Tinazungulira Kota Kota mphepo itakula, thanga lakutsogolo linang'ambika pang'ono, mdala nkulisoka ndi ulusi wa ukonde. Kenaka mapiri a Siavonga anaonekera.

Pagombe panali amake ana ndi amai, atayenda makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Lusaka, ngakhale amai miyendo imawavuta. Amai botilo sanaliyang'ane nkomwe. Anandigwira manja onse awiri nkufunsa, "Wapaona?" Ndinati, "Ndapaona, amai." Ndinawauza mawu a mdala uja, ndipo anapempha kuti aonane naye. Anakhala awiriwo pansi pa mtengo nthawi yaitali, ife titaima patali. Pobwerera ku galimoto amai anati, "Mvula isanagwe unditengereko, ndi amayi a chigwirizano awiri oti akandithandize kuimba." Mmene tinawakwezera m'boti, ndi zimene mlongo wanga anachita atamva za ulendowo, ndidzakuuzani m'gawo lotsatira.