Steal kapena rob? Mawu a Chingerezi okamba za kuba

"He stole me." Chiganizo ichi chimatuluka kawirikawiri pakamwa pa ife olankhula Chichewa, ndipo gwero lake silovuta kulipeza. Kwathu timati wandibera, ndiye mutu umangotembenuza momwemo. Koma Mngerezi akamva "he stole me" amaganiza kuti munthu wake ndiye ananyamulidwa kupita naye, ngati mbuzi yomasulidwa pachikhomo.

Pa Chichewa mneni ndi mmodzi: timaba chinthu, timabera munthu. Chingerezi chimagawa ntchitoyi pakati pa aneni awiri. Steal amatsatidwa ndi chinthu chomwe chapita: "He stole my phone." Rob amatsatidwa ndi munthu kapena malo omwe aberedwa: "He robbed me," "They robbed the bank." Mukafuna kutchula zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi, steal amayenda ndi from, pomwe rob amayenda ndi of: "He stole money from me," "He robbed me of my money." Choncho "he robbed my phone" ndi cholakwika pa Chingerezi cha m'kalasi, ngakhale m'madera ena a ku Britain ndi ku Ireland mudzamva anthu akutero pocheza. Musaiwalenso kuti steal salandira -ed, amati steal, stole, stolen. Rob amawirikiza b: robbed, robbing. Mukasiya b imodzi mwalemba robed, kutanthauza wovala mkanjo.

Wochita steal ndi thief, ambiri ndi thieves, mchitidwewo ndi theft. Theft si mneni, palibe "he thefted". Wochita rob ndi robber, mchitidwewo ndi robbery.

Pocheza mutha kusakaniza osadzudzulidwa. Munthu wopeza nyumba yake itathyoledwa amakuwa kuti "we've been robbed" ndipo aliyense amamva. Kupolisi ndi kukhothi nkhani imasintha, chifukwa kumeneko robbery ndi kuba kogwiritsa ntchito mphamvu kapena kuopseza, chomwe ife timati kulanda. Ku England ndi Wales, lamulo la Theft Act la 1968 limati theft ndi kutenga mwachinyengo chinthu cha mwini n'cholinga choti asadzachionenso, ndipo chilango chake sichipitirira zaka 7. Robbery, m'gawo 8 la lamulo lomwelo, itha kufika pa ndende ya moyo wonse. Foni yake ndi imodzimodzi: wina akaisolola m'thumba mwanu m'basi inu osamva, ndi theft, akakuonetsani mpeni kuti muipereke, ndi robbery. Mukauza wapolisi kuti "I was robbed" adzakufunsani za chida ndi mabala, ndiye ngati munangozindikira mutatsika kuti thumba lapepuka, nenani "my phone was stolen."

Kuthyola nyumba ndi burglary, wothyolayo ndi burglar. Ku Britain mneni wake ndi burgle, ku America amati burglarize, ndipo pocheza onse amangoti break in: "Someone broke into my house." Apa pali kusiyana komwe owerenga nkhani za m'makhothi kwathu amakudziwa. Penal Code ya Malawi imasiyanitsa housebreaking ndi burglary potengera nthawi: kuthyola masana ndi housebreaking, usiku ndi burglary. Ku England kunalinso chimodzimodzi kale, koma lamulo la 1968 lija linachotsa za usikuzo. Kumeneko kulowa m'nyumba mopanda chilolezo n'cholinga choba ndi burglary ngakhale dzuwa lili paliwombo, ngakhale chitseko chinali chosakhoma. A inshuwaransi okha ndiwo amakakamira za chitseko: mapangano ambiri a inshuwaransi ya katundu wa m'sitolo amalipira pokhapokha pali umboni woti wakubayo analowa mothyola, monga loko wopotoka kapena zenera losweka.

Mawu enawo amatchula kabedwe kake. Mugging ndi kulandidwa pamsewu, ndipo pamalamulo ndi robbery yomweyo. Pickpocket ndi wopisa m'matumba. Shoplifting ndi kubisa katundu wa m'sitolo n'kutuluka osalipira. Looting ndi kuja chigulu cha anthu chimakokolola masitolo pa chipolowe, ndipo mawuwa Angerezi anawatola ku India, m'Chihindi.

Omwe ali ku Joni ali ndi awoawo. Hijacking kumeneko nthawi zambiri ndi kulandidwa galimoto ndi achifwamba dalaivala ali momwemo, chomwe Amereka amati carjacking. Kwina konse mawu oti hijacking amakumbutsa za ndege. Smash and grab ndi kuswa galasi la galimoto yoima pamaloboti n'kutsomphola chikwama chili pampando. Galimoto yobedwa itaimikidwa, mwini wake kulibe, si hijacking ayi, ndi car theft.

Kuba kwa m'maofesi kulibe mpeni, ndiye sikukhala robbery ngakhale ndalama zake zichuluke bwanji. Embezzlement ndi kudya ndalama zomwe unapatsidwa kuti uzisunge, pomwe fraud ndi kupeza ndalama pomunamiza mwini wake mpaka apereke yekha. Makhothi a ku Malawi amagwiritsa ntchito theft by servant kwa wantchito wobera abwana ake, ndi theft by public servant akakhala wa m'boma. Larceny mudzamukumana m'nkhani za ku America: petty larceny ndi ya katundu wotsika mtengo, grand larceny ya wokwera, ndipo malire ake amasiyana chigawo ndi chigawo m'dzikolo.

Chodabwitsa n'chakuti pamsika mawu awiri oyamba aja amatembenukirana misana. "It's a steal" ndi kuyamikira kuti chinthu chatchipa ngati chotola, pomwe "that's daylight robbery" ndi kudandaula kuti mtengo wakwera mopanda manyazi. Ndipo ochemerera mpira akamatuluka m'bwalo akung'ung'udza kuti "we were robbed," m'matumba mwawo muli bwinobwino, akunena woimbira yemwe wawakanira chigoli.