Misewu ya ku Mágoè imagwa ndi madzi, osati magalimoto

Kampani yathu ndi yaing'ono, ya anthu a ku Ulónguè m'dziko la Mozambique, ndipo tinayamba ndi misewu ya dothi ya m'midzi ya ku Angónia. Boma litakhazikitsa paki ya nyama zakutchire ya Mágoè mu 2013, m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, ntchito inatikokera kumeneko: misewu yopita kumakampu a alendo odzawedza mcheni ndi kuona njovu, makalavati, zimbudzi ndi matanki a madzi.

Ambiri akaona magalimoto akuchuluka amathamangira kuthira gelevulo. Ife timayamba ndi ngalande. Mvula ya kuno imagwa mwamphamvu pakanthawi kochepa, ndiye msewu wopanda msana umasanduka mtsinje. Pakati timakweza kuti pa mita iliyonse kulowera m'mbali patsike masentimita 4 kapena 5. Potsetsereka timadula tingalande topatutsira madzi kutchire pafupipafupi, asanapeze liwiro. Gelevulo amabwera pambuyo, masentimita 15 atatsindiridwa ali wonyowa. Wouma sagwirana, ndipo posakhalitsa msewu umachita mizeremizere yogwedeza galimoto.

Povuta ndi pa dothi la makande, m'nkhalango za tsanya. Likanyowa limafufuma, likauma limang'ambika, ndipo gelevulo wongothira pamwamba amamira. Timachotsa lapamwamba, n'kuyala miyala ikuluikulu kaye.

Pa timitsinje ta mchenga touma m'chilimwe sitiika mapaipi, chifukwa amatsekeka ndi mchenga ndi zinyalala mvula yoyamba. Timayala konkire pansi kuti madzi azidutsa pamwamba: muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Kumunsi kwake kumafunika khoma lolowa pansi ndi miyala yoyala, apo ayi madzi amafukula n'kuthyola konkire yense. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, choncho timathira mbandakucha, n'kufunditsa masaka onyowa sabata yathunthu.

Njovu nazo zili ndi mbali yake. Zimanunkhiza madzi n'kufukula paipi yokwiriridwa pamwamba, ndiye timakumba mozama ndipo thanki timaizinga ndi miyala yosongoka, poti sizikonda kupondapo. Zimbudzi timamanga pamtunda, kupitirira pomwe nyanja imafika ikadzaza.

Simenti timagula ku Tete n'kudutsa nayo pa Chitima mvula isanayambe. Ikangoyamba, lole yodzaza siifika.