Mwana wathu anathyoka mwendo lole itapita kukasaka dizilo

Mpira ndauyendera. Ndinayambira pa dothi la ku Ndirande, ndinakhalako m'timu yachisodzera ya imodzi mwa matimu akuluakulu a mu Blantyre, ndinalawako Supa Ligi ndi timu yomwe inakwera ndi kutsika chaka chomwecho, ndinawolokera ku Tete komwe ndinabwerako ndi chikwama chokha, kenako ndinakasewera kuchigawo chapakati. Lero zaka 30 ndinazidutsa, ndimatchinga kumbuyo, ndipo ndine kaputeni wa timu ina ya m'ligi yathu ya kumwera kuno. Malipiro ochedwa, jezi imodzi chaka chonse, kugona pa simenti m'kalasi kudikira gemu ya mawa, zonsezi sizindidabwitsanso. Koma zomwe ndinaona Loweruka lapitali ku chigwa cha Shire zandipsetsa mtima, ndipo ndikufuna anzanga a m'maligi a m'zigawo muzimve.

Masiku oyambirira a sabatayo panalibe chachilendo. Lolemba timapuma, ine ndinali pa benchi yanga ya nsapato za kaunjika ku Limbe, chifukwa ana anga amadya za pamenepo osati za mpira. Lachiwiri mpaka Lachinayi tinachita tirening'i madzulo ana asukulu ataweruka, ndi mipira itatu, umodzi wophwa. Lachitatu anthu sanakwane oti nkugawa matimu awiri. Ena anali pa kabaza, ena pa ganyu wonyamula njerwa, ndipo kochi sangawakalipire chifukwa gemu bonasi ya magemu atatu apitawa sitinaione. Lachinayi a manejala anabwereza mawu omwe aja akuti bwana, mwini timu, akukonza. Lachisanu usiku tinasonkhanitsidwa kuseri kwa nyumba ina, kunabwera mkulu wa zitsamba, anatipaka zopaka m'miyendo, nkulongedza kachinthu m'sokosi ya goloboyi. Envulopu yake anaipatsidwa tonse tikuona. Ikumbukireni envulopu imeneyi.

Loweruka tinanyamuka m'mamawa pa lole, kutsetsereka mapiri aja mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, nkulowa m'ng'anjo ya mwezi wa Okutobala. Amene munasewerako kumeneko mukudziwa kuti madzi a m'chigubu amafika ali ofunda. Titangotsika, dalaivala anatembenuza lole. Anali atapatsidwa mafuta opitira okha, ndiye anati akachite matola mpaka ku Nchalo kuti apeze ya dizilo wobwerera, komanso anamva kuti kumeneko kwafika mafuta ndipo akufuna akagwire mzere. Palibe anamuletsa. Timachita chonchi nthawi zonse.

Tili ndi winga wina wa zaka 19, wamanzere, wochokera ku Bangwe. Dzina ndisunga. Pa anyamata onse omwe ndasewera nawo m'maligi apansi, ameneyu ndi mmodzi mwa ochepa omwe ndinkanena ndi mtima wonse kuti adzatuluka muno. Mpira umamumvera, ndipo saopa munthu. Anthu a timu ina ya Supa Ligi anali atamuona kale, anamuuza kuti ligi ikatha adzapite akamuyese. Pa foni yake yosweka galasi anasunga chigoli chomwe Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ali kutali ku AFCON ya ku Cameroon mu Januwale 2022, ndipo ankachionera mpaka batire kutha. Kwa mwana ngati ameneyu mwayi wokayesedwa ndi chilichonse, makamaka pano pomwe kuyambira 2025 kwabwera National Division League pakati pa ife ndi Supa Ligi. Kukwera ndi timu yako kwatalika. Chidule nchakuti wina akuone akutenge.

Chigawo chachiwiri chili mkati, tikufanana chimodzi kwa chimodzi, mpira unaponyedwa kumbali yake. Iye ndi wotchinga kumbuyo wa eni bwalo anathamangira limodzi. Sindikumuda mnyamata winayo, analowa pa mpira, ndipo pambuyo pake ndi amene ankalira kwambiri. Vuto ndi bwalo. Nthawi ya dzinja pamadutsa ng'ombe, ndiye mapazi ake anauma nkusanduka timaenje tolimba. Phazi la mwana wathu linakodwa m'kadzenje, thupi likupita kutsogolo, mnzakeyo nkumugwera pa msongolo. Ndinali chapakati pa bwalo koma ndinamva kulira kwa fupa, ngati nzimbe yothyoledwa pa bondo.

Nditafika ndinapeza phazi layang'ana kwina. Sokosi inali itayamba kuda ndi magazi. Mayi wina wogulitsa mafirizesi anandipatsa lezala latsopano, ndinang'amba sokosiyo kuyambira pamwamba. M'kati munalibe shini gadi. Munali katoni yodula ku bokosi la sopo, yopindidwa pawiri, itanyowa nkumatirira pa khungu, zilembo zake zikuwerengeka. Nditaichotsa pang'onopang'ono ndinaona nsonga ya fupa, yoyera, itaboola khungu. Mwanayo sankakuwa. Anandigwira jezi nkumangoti, "Akulu, musandiuze, musandiuze."

Tonse tikudziwa kuti lamulo lachinayi la mpira limati shini gadi ndi yokakamiza, tikudziwanso momwe oyimbira amayendera pogogoda masokosi gemu isanayambe. Katoni yopindidwa bwino imalira mokwanira. Sindikunena kuti shini gadi ikanaletsa fupa kuthyoka pa kugwa kotere. Ndikunena kuti timu yomwe imayembekezera kudzagulitsa mwana ameneyu inamulowetsa m'bwalo atavala bokosi la sopo.

Ndinaitanitsa bokosi la mankhwala. Amene timamutcha dokotala wa timu ndi mkulu yemwe amachapa majezi, munthu wamtima wabwino yemwe sanaphunzirepo za chithandizo choyamba. Anatsegula: botolo la Deep Heat lopanda kanthu, bandeji imodzi yakuda yomwe yazungulira akakolo a timu yonse, mapanado angapo, ndi thumba la madzi omwe m'mawa anali ayisi. Machila kunalibe, kwa ife ngakhale kwa eni bwalo. Masapota anali atatiunjirira, mpweya osapita, wina akuthira madzi a pa mjigo pa bala, abambo ena awiri atagwira kale phazi kuti alikoke liwongoke. Ndinawakankha. Amene anatipulumutsa ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo yemwe anangobwera kudzaonera mpira. Anakuwa kuti aliyense abwerere m'mbuyo, anati fupa lisakokedwe kapena kubwezedwa m'kati, balalo liphimbidwe ndi nsalu yoyera. Mayi wa mafirizesi uja anamasula chitenje chochapa chomwe anafunditsa katundu wake. Ana asukulu anabweretsa matabwa awiri a desiki yothyoka, tinaika uku ndi uku, nkumanga ndi masokosi a anyamata a pa benchi. Tinamunyamulira pa chitseko cha kalasi.

Kumunyamula kupita kuti? Lole kunalibe. Foni ya dalaivala inkangoitana, atayankha anati ali pakati pa mzere, kutsogolo galimoto kumbuyo galimoto, sangatuluke. A kabaza anadzipereka, koma mwendo wotere sungaukweze pa njinga yamoto. Mwanayo anagona pa chitseko pansi pa mtengo, milomo itauma, ntchentche zikuzungulira chitenje, mpaka kunapezeka bambo wina wa pikapu yonyamula mbuzi. Anavomera, koma anati mafuta alibe okwanira. Tinakhuthula m'matumba tonse, ife, osewera a timu inayo, ngakhale woyimbira anaponyapo yake. Amene anapita ndi mwanayo ndi mkulu wa majezi uja.

Kenako wezulo inalira kuti tipitirize. A manejala anati tikakana kumaliza gemu, mapointi apita ndi chindapusa pamwamba. Tinasewera mphindi zotsalazo tikulambalala malo omwe panali magazi, omwe wina anangokwirira ndi mchenga. Palibe analowanso pa mpira ndi mtima wonse, kaya ife kaya iwo. Inatha momwemo, chimodzi kwa chimodzi.

Ndinatenga foni ya a manejala nkuimbira mwini timu ndekha. Ndinati, "Bwana, mwana wathyoka mwendo, fupa latuluka, ali m'njira ya kuchipatala." Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Pepani. Nanga gemu yatha bwanji?" Nditawauza, anati zina tikambirana Lolemba.

A chipatala chapafupi anagwira ntchito yawo, anatsuka balalo, anamubaya jakisoni, nkumulembera kalata yopita ku Queens. Lamulungu ndinapita kukamuona. Anali atamuchita opaleshoni, mwendo uli ndi zitsulo zotulukira kunja. Mafupa onse awiri a m'munsi mwa bondo ndiwo anathyoka. Adokotala anati bala lomwe linalowa fumbi chotero choopsa chake nkuchita mafinya mpaka m'fupa, ndiye aziliyang'anitsitsa. Kuyenda adzayenda pakapita miyezi, koma za mpira sanafune kulonjeza kanthu. Amayi ake anali atafika ndi beseni ndi kapoto, atasiya geni yawo ya tomato. Anandiitanira pakhonde nati, "Bambo, inu ndinu mkulu wake kumeneko. A timu anena kuti athandizapo bwanji?" Ndinawauza zomwe zinalipo: bwana anatumiza K20,000 pa foni. Ya mkulu wa zitsamba ija inali yoposa pamenepo, ndipo iye anaipatsidwa gemu isanaseweredwe nkomwe.

Eni matimu a m'zigawo ndimawamvetsa mbali ina. Ambiri amatulutsa za m'thumba, bwalo lopanda mpanda silibweretsa ya pakhomo, oyimbira alipidwe, kulembetsa timu kulipidwe, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cha mpira chinakwera, kuyambira nsapato mpaka dizilo. Ndaonapo eni matimu akugulitsa ziweto kuti timu ikakwaniritse gemu yakutali. Koma chomwe ndachiona m'timu iliyonse yomwe ndadutsamo ndi ichi: mnyamata akafuna kuchoka, khadi lake limakhala ndi mtengo. Bwana amakumbukira kuti anamulera, anamudyetsa, ndipo sasaina chikalata chomumasula mpaka ndalama ituluke. Ndikudziwa anyamata omwe anakhala chaka osasewera chifukwa timu yowafuna inalephera mtengo umenewo. Tsiku lomwe mnyamata yemweyo wathyoka, mwadzidzidzi amakhala mwana wa amayi ake. Winga wathuyu alibe kontirakiti, anangosaina fomu yolembetsa ndi kupereka chithunzi. Inshuwalansi ndiye musanene. Mtengo womwe bwana ankafuna kukatchula kwa a Supa Ligi aja tonse tinaumva m'mphekesera, ndipo sunali wa K20,000.

Pa 12 Juni 2021 tonse tinaonera pa kanema Christian Eriksen atagwa ku Copenhagen, mtima utaima, madokotala nkumudzutsa pa bwalo pomwepo. Sitikupempha zimenezo. Ngakhale mu Supa Ligi yathu momwe ndinadutsamo, kuona a Red Cross ndi machila m'mbali mwa bwalo kunkatilimbitsa mtima. Ife tikupempha bandeji zoyera zosatsegula, machila amodzi, munthu mmodzi pa benchi wophunzitsidwa chithandizo choyamba, ndi galimoto yoima pa bwalo mpaka wezulo yomaliza. Kuwerengera zonsezi pa chaka sizingafike pa ndalama zomwe timu imodzi imataya ku makhini, za akulu a zitsamba zija.

Ndisanachoke m'wodi, mwanayo anandifunsa ngati anthu a Supa Ligi aja adzamudikire. Ndinamuuza kuti ayambe wachira, ndipo nambala yawo ndili nayo, ndiwaimbira ndekha kuwauza zomwe zachitika. Ndawaimbira. Anadandaula, nkunena kuti akadzayambanso kuthamanga tidzawadziwitse.

Lolemba bwana sanabwere, anatuma a manejala. Tinakumana pansi pa mtengo wa pa bwalo lathu. Ndinanena pamaso pa onse kuti bonasi zathu zitatu zija zikatuluka, ya gemu imodzi tonse tipereka kwa amayi a mwanayo, ndipo palibe anatsutsa, ngakhale omwe ali ndi ngongole ya lendi. Ndinanenanso kuti timu ilembe pa pepala kuti izipereka chiyani mwezi uliwonse mpaka zitsulo zitachotsedwa, apo ayi nkhaniyi tikaitula ku bungwe la osewera mpira ndi kwa oyendetsa ligi. A manejala anayankha kuti anyamata ofuna kusewera ndi ambiri m'makwalalamu, amene watopa atha kupita. Achinyamata ena anaweramitsa mitu, ndipo sindikuwaweruza, nawonso akudikira wina adzawaone. Koma ife akuluakulu a m'timu, goloboyi ndi onse otchinga kumbuyo, tagwirizana. Loweruka likubwerali tili ndi gemu ina yakutali. Bokosi la mankhwala tilitsegula tisanakwere lole, masokosi a mnyamata aliyense ndiwapisa ndekha, ndipo tikafika pa bwalo kiyi wa lole akhala m'chikwama changa mpaka gemu itatha. Chimodzi mwa izi chikakanidwa, a manejala akapeze anthu ena otchinga kumbuyo m'makwalala momwe akunenamo.