Sabata ya Mwezi Wotentha pa Ntchito ya Matayala ku Salima

Mwezi wa Okutobala ndi umene ntchito imatichulukira kwambiri kuno ku Salima, chifukwa phula limatentha kuyambira m'mawa, ndipo tayala lililonse limene linali ndi chilema chobisika limachionetsa m'nyengo imeneyi. Ine ndimayang'anira gawo la matayala pa galaja ina pa Kamuzu Road, ndipo ambiri mwa magalimoto amene timawalandira ndi otsika kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa M14, kapena oyenda m'mbali mwa nyanja pa M5 kupita ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa.

Lolemba kunabwera minibasi imene tayala lake lakutsogolo linali ndi chotupa m'mbali. Dalaivala anavomera kuti anagwera m'dzenje ali ndi anthu odzaza, koma ankaona kuti nkhaniyo ndi yaing'ono poti mpweya sunkatuluka ndipo mizere ya pamwamba inali isanathe. Anandipempha kuti ndimate chigamba mkati kuti amalize sabata. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, pamene patupapa ulusi wa mkati waduka, ndipo chimene chagwira mpweya tsopano ndi mphira yokha." Tayalalo linali la 195R15C, lolembedwa 106/104, kutanthauza kuti likakhala lokha limaloledwa kusenza makilogalamu 950, ndipo wopanga analemba m'mbali mwake kuti katundu ameneyo limamusenza mpweya ukafika 450 kPa (muyeso wa mphamvu ya mpweya). Mphira yopanda ulusi siingapirire mphamvu yotere, ndipo chigamba sichilumikiza ulusi woduka pamalo amene amapindika nthawi iliyonse tayala likazungulira. Ndinakana kumata. Anachoka atakhumudwa, koma madzulo mwini galimoto anatumiza ndalama ya tayala lina.

Tayala lotupalo sindinalitaye. Lachiwiri kunalibe ntchito yambiri, choncho ndinalidula pakati kuti mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito aone ndi maso zimene ndakhala ndikumufotokozera pakamwa. Ndimakhulupirira kuti munthu amene sanaonepo mkati mwa tayala lodulidwa sayenera kupatsidwa udindo woweruza ngati tayala lingakonzedwe kapena ayi.

Tinayambira pamene tayala limagwira rimu. Mbali iliyonse pali mkombero wa mawaya achitsulo olimba, okulungidwa kambirimbiri, ndipo ntchito yake ndi kukana kutanuka kuti mpweya usalivule tayala pa rimu. Kuchokera pa mkombero wa mbali imodzi, ulusi umakwera m'mbali, kudutsa pamwamba, n'kutsikira pa mkombero winawo, kumene umapindidwa mozungulira mawaya aja. Ulusi umenewu ndiwo thupi la tayala. M'magalimoto ang'onoang'ono kawirikawiri umakhala wa poliyesitala, pomwe m'malole akuluakulu umakhala waya wachitsulo. Mpweya ukapopedwa umakunga ulusiwu, ndipo kukungika kwakeko ndiko kumene kumasenza galimoto. Mkati mwenimweni muli mphira yopyapyala ya mtundu wapadera imene siilola mpweya kudutsa msanga, ndipo ndi imene inalowa m'malo mwa chubu.

Chilembo R chimene chili pa nambala ya tayala chimaimira radial, kamangidwe kamene kampani ya Michelin ya ku France inalembetsa ngati luso lake mu 1946. Matayala a mpweya anali atayamba kale kufala kuyambira pamene John Boyd Dunlop anapanga lake la njinga mu 1888, koma kwa zaka zambiri ulusi unkayalidwa mopingasana, wina kupendekera uku wina uko, monga momwe amalukira lichero. Kamangidwe kakaleko n'kolimba m'mbali, koma tayala likamayenda ulusi wopingasanawo umakhulana n'kumatulutsa kutentha. Mu radial ulusi wonse umadutsa molunjika kuchoka mkombero uno kufika winawo, choncho m'mbali mumapindika mosavuta. Vuto lake n'lakuti thupi lotere palokha silingaumitse pamwamba, n'chifukwa chake pansi pa mphira yokhudza msewu amaikapo malamba a mawaya achitsulo, kawirikawiri awiri m'galimoto yaing'ono, opendekera mosemphana pafupifupi madigiri 20 kuchokera kumene tayala likulowera. Malambawa ndiwo amachititsa kuti pamwamba pagone mofanana pa msewu. Mawaya ake amakutidwa ndi mkuwa wosakaniza kuti mphira iwagwire bwino pophika tayala kufakitale. Ndinamuonetsa mnyamatayo nsonga za malambawo, pamapewa a tayala, pamene mawaya odulidwa amathera mu mphira, chifukwa m'pamene kulekana kumayambira nthawi zambiri. Opanga ena amakulungapo ulusi wa nayiloni pamwamba pake kuti malamba asatukuke pa liwiro lalikulu.

Mnyamatayo anawerenga magawo a ulusi n'kudabwa kuti sakukwana asanu ndi atatu, pomwe m'mbali munalembedwa 8PR. Funso limeneli ndi labwino, ndipo madalaivala ambiri amasokonezeka nalo pogula. Nambalayo inachokera m'nthawi imene ulusi unali wa thonje ndipo mphamvu ya tayala inkadziwika powerenga magawo. Lero imangosonyeza mphamvu yofanana ndi ya magawo amenewo, popeza ulusi wamakono ndi wolimba kwambiri kuposa thonje.

Lachitatu linatha ndi ntchito wamba: kusintha mavavu, kuchotsa misomali, ndiponso tayala limodzi la ngolo yokokedwa ndi thirakitala, la kamangidwe kopingasana kaja, kamene kakadali koyenera kumunda kumene liwiro ndi lochepa ndipo zitsa zimabaya m'mbali.

Lachinayi ndilo linandipatsa nkhawa. Lole yonyamula katundu wolemera kuchokera chakumpoto inafika mphira ya pamwamba pa tayala lina lakumbuyo itasendeka mbali yaikulu. Dalaivala ankati anamugulitsa tayala lachinyengo. Titalichotsa pa rimu ndinapeza kuti pakati pa malo osendekawo panali bowo la msomali limene wina analitseka ndi kachingwe kolowetsa kuchokera kunja, osachotsa tayala, ndipo mawaya a lamba kuzungulira bowolo anali ofiira ndi dzimbiri. Kachingweko kanaletsa mpweya kutuluka, koma madzi a dzinja lapitalo analowa n'kuyenda motsatira mawaya, dzimbiri n'kulekanitsa chitsulo ndi mphira, kenaka kutentha kwa mwezi uno kunangomaliza zimene zinayamba kalekale. Kukonza koyenera kumafuna kuchotsa tayala, kuona mkati, kuyeretsa bowo, kulidzaza lonse ndi mphira, ndi kumata chigamba mkati. Ntchitoyo imatenga nthawi ndipo mtengo wake ndi wokwererapo, choncho ndimamvetsa chifukwa chake munthu amene ali paulendo amasankha yachangu, komabe pa tayala la lole ngati limeneli, la 315/80R22.5, limene limaloledwa kusenza makilogalamu 4,000 likakhala lokha ndi 3,350 likakhala pawiri, kachingwe kayenera kungomufikitsa munthu pagalaja.

Tayala linzake, limene linali moyandikana nalo mkati, linkaoneka labwino, ndipo dalaivala ankafuna kuti tingolionjezera mpweya. Geji yoyezera mpweya inasonyeza kuti linali litaphwa kwambiri, ndipo linali litayenda mtunda likusenza katundu wa awiri. Tayala la thupi lachitsulo likayenda chotero, mawaya a m'mbali amapindika mopitirira muyeso mpaka kutopa, ndipo likapopedwanso limatha kung'ambika mzere wautali m'mbali mwadzidzidzi, ndi mphamvu yokwanira kupha munthu woima pafupi. Ndinalamula kuti liphwetsedwe lonse, lichotsedwe, lionedwe mkati, kenaka lipopedwe m'khola lachitsulo ndi paipi yaitali, aliyense ataima patali. Mpweya usanafike theka la muyeso wake m'mbali munayamba kuoneka mafunde ndi kumveka kuthetheka. Tinaliphwetsa pomwepo n'kuliboola m'mbali kuti wina asadzalitole n'kukaligulitsa.

Lachisanu kunabwera mayi wina wochita malonda a mpunga, atagula matayala awiri a kaunjika a galimoto yake yapikapu. Mizere inali yakuya ndithu, kutali ndi timizere toonetsa kutha timene timakhala pa mamilimita 1.6. Ndinawaonetsa manambala anayi omalizira pa chidindo cha DOT cholembedwa m'mbali mwa tayala, amene awiri oyamba amatchula sabata ndipo awiri enawo chaka chimene tayala linapangidwa. Limodzi linali la zaka zinayi ndipo mkati munali bwino. Linalo linali litapitirira zaka khumi, lili ndi timing'alu pafupi ndi mkombero, komanso chigamba chachikulu paphewa. Sindinyoza matayala a kaunjika, chifukwa mtengo wa atsopano ambiri sangaukwanitse, koma ndinawapempha mayiwo kuti lachiwirilo alibweze, ndipo ulendo wina asamalipire asanaone mkati ndiponso chaka.

Loweruka ndinalawirira kukayeza mpweya wa magalimoto a bungwe lina asananyamuke, popeza muyeso woona umapezeka tayala lili lozizira. Pafupifupi onse anali ndi mpweya wochepa, ndipo nditafunsa, madalaivala anandiuza kuti masana akaona kuti matayala atentha amachepetsako mpweya poopa kuti aphulika. Maganizo amenewa ndi ofala m'chigwa chathu chino, ndipo ndi amene amawononga matayala ambiri. Mpweya umakwera ndithu tayala likatentha, koma opanga anaziwerengera kale zimenezo. Ukauchepetsa, m'mbali mumapindika kwambiri, kutentha kumaonjezereka mkati mwa mphira, ndipo nsonga za malamba zija zimayamba kulekana. Tinagwirizana ndi woyang'anira magalimotowo kuti muyeso wa galimoto iliyonse ulembedwe pamwamba pa gudumu lake, kuyeza kuzichitika m'mawa Lolemba lililonse, ndipo dalaivala amene waona kuti tayala latentha aziima pamthunzi kuti lizizire m'malo motulutsa mpweya. Matayala atatu amene mizere yake inatha koma thupi lake lili lamphumphu tinawapatula kuti atumizidwe kokawaveka mphira yatsopano.