Wufa ya mu Vitz: pomwe ndafika

Wufa, sipika yaikulu ya mawu otsika a besi, ndagula. Ndi imodzi yokha, ya mainchi 12, ndipo panopa ili pansi pa bedi kudikira bokosi lake. Masipika a m'zitseko ndinasintha kale, koma amapiano akamalira, ng'oma yakuya ija imangomveka ngati munthu akugogoda pakhomo. Kasipika ka mainchi 6 sikangakankhe mphepo yokwanira pa mawu otsika a 40 Hz, kakhale kodula chotani.

Mtima unkafuna mawufa awiri, koma buti ya Vitz ndi yochepa, komanso kumudzi ndimabwerako ndi thumba la chimanga. Awiri akanafuna ampulifaya (chipangizo chopatsa sipika mphamvu) yaikulu, waya wonenepa, mwinanso batire lina. Imodzi yoikidwa m'bokosi loyenera ikwanira kagalimoto kotere, makamaka poti buti yake ili m'chipinda chimodzi ndi mipando.

Chomwe chinanditengera nthawi ndi manambala a pamakatoni. M'masitolo a ku Limbe mupeza 2000W, 3000W, zolembedwa ndi zilembo zofiira zikuluzikulu. Imeneyo ndi peak, mphamvu yomwe sipika ingapirire kwa kanthawi kochepa kwambiri isanapse. Yomwe imagwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi RMS, ndipo amailemba mwa tizilembo tating'ono kumbuyo, ena salemba n'komwe. Mnyamata wina wogulitsa nditamufunsa kuti, "Achimwene, RMS yake ndi ingati?" anangoti, "Bwana, iyi imagunda, musadere nkhawa." Ndinamuthokoza n'kutuluka. Yomwe ndatenga ndi ya 400W RMS, ya makoyilo awiri (mawaya okulungidwa m'kati mwa sipika), iliyonse ya 4 ohm (muyeso wa momwe koyilo imakanizira magetsi). Makoyilo awiriwo ndi amene anandikopa: mukawalumikiza mofanana, pulasi ku pulasi, mainasi ku mainasi, mumapeza 2 ohm, mukawalumikiza motsatizana, 8 ohm. Ine ndikufuna 2 ohm chifukwa ampulifaya zambiri za mono (za njira imodzi ya mawu) za class D (mtundu wosataya magetsi ambiri) zimapereka mphamvu yochuluka pamenepo kusiyana ndi pa 4 ohm. Ndalama yomweyo, mphamvu yoonjezereka. Chenjezo n'lakuti ampulifayayo ikhale yolembedwa kuti imapirira 2 ohm, apo ayi izingotentha n'kumazima.

Pa ampulifaya bodza ndi lomwelo, koma pali pogwirira: mafyuzi ake. Galimoto ikamalira magetsi amakhala pafupifupi 14V. Ampulifaya ya fyuzi imodzi ya 30A ndiye kuti singakoke kupyola 420W, ndipo gawo lina limathera m'kutentha. Pamwamba pake alembepo 4000W, masamu akukana. Yomwe ndaikira ndalama ili ndi mafyuzi awiri a 25A. Kuphatikiza ndi 50A, kuchulukitsa ndi 14 tipeza 700W, ndipo poti class D imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, zotsala ndi 500W ndi kenakake. Zikugwirizana bwino ndi wufa ya 400W RMS. Ndi yakale, ndagula kwa mnzanga amene wagulitsa galimoto yake, ndipo tinaiyesa kaye ndisanapereke kanthu.

Waya ndiye sindinaumire. Pali wotchipa wooneka ngati kopa koma m'kati ndi aluminiyamu wongokutidwa pamwamba. Amapepuka m'manja, ndipo mukadula n'kuyang'ana nsonga yake imaoneka yoyera. Ameneyo amapititsa magetsi ochepa poyerekeza ndi kopa weniweni wa kukula komweko, ndiye amatentha. Ndagula wa kopa wonenepa, wa 4 gauge, pamodzi ndi fyuzi yoika pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Fyuzi imeneyi si yoteteza ampulifaya ayi, ndi yoteteza galimoto: waya akasupuka n'kukhudza chitsulo, iduke iyoyo moto usanabuke.

Tsopano bokosi. Lilipo lotseka ponseponse ndipo lilipo la bowo. La bowo limafuula kwambiri, n'chifukwa chake anyamata a maminibasi amalikonda, koma pa mainchi 12 limafuna malita 50 kapena kuposa, ndiponso kutalika ndi kukula kwa bowolo ziyenera kuwerengeredwa bwino. Mukaphonya, besi imangoti buuu pa liwu limodzi nyimbo zonse. Lotseka limakhululuka mukaphonya miyeso pang'ono. Malita 35 akwana, ndipo besi yake imamveka yogwirana, pa reggae gitala ya besi mumaitsatira liwu ndi liwu. Ndasankha lotseka. Ndapita kwa kalipentala wa kwathu kuno ndi miyeso papepala. Iwo amafuna kugwiritsa ntchito zotsala za makabati, koma ndawapempha kuti, "Bambo, chonde MDF ya mamilimita 18, guluu m'malire monse, ndipo m'kati mumate ndi silikoni." Anaseka kuti bokosi la nyimbo ndikulisamala kuposa kabati ya mbale. Malita 35 aja ndi a m'kati, ndawakumbutsa kuti asayezere kunja.

Chatsala ndi wailesi. Ndi yomwe inabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, ija imalekezera pa 90 MHz, ndipo ilibe RCA, potulukira mawu opita ku ampulifaya. Mwamwayi ampulifaya ndagulayi imalandira mawu kuchokera pa mawaya a masipika, ndiye nditenga pa akumbuyo. Wailesi ina idikire malipiro a mwezi wamawa.

Bokosi likafika ndikokera waya wa magetsi mbali imodzi ya galimoto, wa mawu mbali inayo, kuti kulira kwa injini kusalowe m'masipika. Wa mainasi ndiumanga pa chitsulo cha m'buti momwemo nditapala penti, ukhale waufupi. Low pass, yomwe imangolola mawu otsika kupita ku wufa, ndiyambira pa 80 Hz, gain (pokwezera mawu pa ampulifaya) pansi, kenako kukweza pang'onopang'ono mpaka besi ilingane ndi masipika a kutsogolo. Ndagulanso timphira toika kuseri kwa nambala ya galimoto, chifukwa ikayamba kunjenjemera anthu panja amangomva phokoso la malata.