Tsiku lotsata mithunzi

Lero ndinalawirira ndi kamera kukajambula kanjira kamchenga kamene ndimadutsa nthawi zonse. Dzuwa litangosuzumira, kuwala kwake kunkabwera chammbali, kukwawa pansi, ndipo chilichonse chinaonekera: mapazi a galu, mizere ya tayala la njinga, ngakhale kamwala kakang'ono kanali ndi mthunzi wake wautali. Ukayang'ana chithunzicho umamva kukhakhala kwa mchengawo ndi maso okha.

Dzuwa lili paliwombo ndinabwerera pamalo pomwepo. Mithunzi yonse inali itabisala pansi pa eni ake, kanjira kaja kangoti see ngati pepala. Kamera ndi yomweyo, malo ndi omwewo, chimene chinasintha ndi mbali yochokera kuwala basi. Anthu ambiri amathamangira kugula kamera yodula, pomwe chimene chimaumba chinthu pachithunzi, kuti mpira uoneke wobulungira osati bwalo lafulati, ndi mthunzi. Zimenezi zimandikhudza kwambiri chifukwa kuphunzira kuona mthunzi sikulira ndalama.

Ndili chiimire padzuwapo ndinakumbukira Nicéphore Niépce wa ku France. Chithunzi chake cha m'ma 1826, chimene anajambula ali pawindo la nyumba yake ku Le Gras, ndicho chakale kwambiri mwa zithunzi za kamera zomwe zidakalipo. Chinafunika kuwala kwa maola osachepera 8, moti dzuwa linayenda mpaka kuwalitsa makoma a mbali zonse ziwiri. Ife lero timasankha kamphindi kamodzi, ndipo mthunzi umaima pomwe taufuna.

Chakumadzulo mnzanga anavomera kuti ndimujambule. Anavala malaya ofiira, ndiye ndinamuimika kutsogolo kwa masamba obiriwira. Mitundu iwiriyi ndi yotsutsana, choncho ikakhala pamodzi uliwonse umakweza unzake. Pafupi panali mpanda wamatabwa. Ndinasuntha pang'ono kuti mzere wake uchokere pakona ya chithunzi n'kukathera paphewa pake, diso la woonera liziyenda nawo mpaka kumupeza. Kumene ankayang'ana ndinasiyako danga lalikulu. Iye anafunsa kuti, "Bwanji sunandiike pakati?" Ndinamuonetsa zithunzi zonse ziwiri, ndipo anasankha yekha chadangacho.

Chondidabwitsa chinabwera usiku pakompyuta. Nditachotsa mitundu kuti chithunzi chikhale chakuda ndi choyera, malaya aja anasowa. Kufiira ndi kubiriwira, zomwe masana zinkalimbana, zinasanduka kutuwa kofanana, munthu n'kumira m'masamba. Mtundu wa chinthu ndi nkhani ina, kuwala kapena kudera kwake ndi nkhani inanso. Ansel Adams ndi Fred Archer, akatswiri ojambula zithunzi a ku America, anaiganizira nkhaniyi cha m'ma 1940, nagawa kuwala m'magawo 11, kuyambira 0, wakuda bii, mpaka 10, woyera mbee, kuti wojambula adziwiretu pomwe chinthu chilichonse chidzagwere asanadine batani. Malaya ndi masamba aja zinagwera pafupifupi m'gawo limodzi, chapakati.

Ndinadetsa zobiriwirazo pakompyuta mpaka mnzangayo anaonekeranso, koma sizinandikhutiritse. Tapangana kuti mawa tikayesenso, iye aime padzuwa, masambawo akhale mumthunzi kumbuyo kwake, kuti kusiyanako kuchokere m'kamera momwemo.